Evelio ndi Beseni la Zochapa

Mwamuna wanga, Evelio Quesada, amakonza mabasi kuno ku Camagüey, ndipo chilichonse chokhala ndi chidindo amachimvera ngati mawu a mayi ake.

Tinakwatirana mu 1976, lamulo la mabanja lidakali latsopano. Mayi wotikwatitsa anatiwerengera ndime yakuti ntchito zapakhomo ndi za mwamuna ndi mkazi yemwe. Ine maganizo anali pa nsapato zimene zinkandithina. Evelio ankamvetsera.

Lamlungu lotsatira ndinamupeza pakhonde lam'mwamba, loyang'ana kumsewu, akuyanika zovala zimene anachapa yekha, zamkati zanga zili pomwepo.

Cuca, wa nyumba yoyang'anana nafe, anasuzumira pawindo. "Nereida, mnzanga, manja unaiwala ku ukwati? Wamudyetsa chiyani mwana wa eni?"

Manyazi anandigwira. Mayi anga ankati mkazi amadziwika ndi chingwe chake choyanikapo. Ndinalanda beseni.

"Lamulo lija ndi la ku ofesi. Muno usadzagwirenso zochapa."

"Ukunenetsa?"

"Ndikunenetsa."

Anamvera. Zaka makumi awiri wakhala akumvera, osaphonya tsiku. Matewera a ana atatu, maovololo a girisi, nsalu za apongozi atadwala, zonse zinadutsa m'manja mwangamu, ngakhale zaka zija sopo ankasowa.

Koma ndime ija inkawerengedwabe pa maukwati. Si amuna onse anasintha, komabe woyanika zovala anasiya kusekedwa mumsewu mwathu. Mkamwini wa Cuca amakolopa chitseko chili pululu.

Chaka chatha Cuca yemweyo anandiitana pawindo lomwelo. "Nereida, bwana wakoyo lamulo silinamufike? Anakwatira mkazi kapena wantchito?"

Manyazi aja anabweranso. Ndinauza Evelio kuti ayambe kuchapa.

"Unandiletsa wekha, mkazi wanga."

"Ndasintha."

"Pali chidindo?" anafunsa akuseka. Koma anavomera.

Vuto ndi lakuti makolala sawatikita, ndipo chingwe chikakhala ndi malaya akuda, wonenedwa ndi ine. Choncho Lamlungu ndimalawirira kuseri, kuchapa, kutsukuluza, kufinya. Ndikamva windo la Cuca likutseguka, ndimamupatsa Evelio beseni pakhomo la khonde. Amayanika mosafulumira, akuimba mluzu.

"Koma ndiye uli ndi mwayi, Nereida," amatero Cuca.

Ndimavomera ndi mutu, manja onyowa nditawabisa kumbuyo.