Fikisidi ya a Kamwendo

Ntchito ya ku banki ndinaimva pa zolengeza za kutchalitchi. Banki ina inkatsegula kanthambi ku Madisi, ndipo inkafuna kalaliki wa satifiketi ya Fomu 4. Ndinalemba kalata, anandiitana, ananditenga.

Sabata yoyamba, bwana wa nthambiyo, a Mbewe, anandijambulira mizere iwiri papepala. "Wapamwambawu ndi chiwongoladzanja chimene otenga ngongole amatipatsa. Wapansiwu ndi chimene ife timapatsa osungitsa ndalama. Mpata wapakatiwu ndiye chakudya chathu. Kulikulu sayang'ana kuchuluka kwa anthu pakhomo, amayang'ana mpatawu."

Ndinazimvetsa nyengo yogulitsa fodya itafika. Alimi ankatsika m'mapiri panjinga, kudzabweza ngongole za feteleza ndi kusungitsa zotsala. Tinkagwira ntchito osadya nkhomaliro, koma ngongole zinkachepa, zosungitsa zikuchuluka, mpata uja n'kumafota. Kulikulu anachenjeza kuti zikapanda kusintha atseka nthambi.

Ine ndinkasunga kaundula wa fikisidi, ndalama zimene munthu amazitsekera miyezi ingapo kuti zibereke chiwongoladzanja chokwera. Nthawi ikatha mwini wake osasayinanso fomu, makina ankazisamutsira ku akaunti wamba ya chiwongoladzanja chochepa. Chizolowezi changa chinali kuimbira eni ake kuwakumbutsa. A Mbewe anati, "Mafoni aja yambani mwasiya. Lamulo silitikakamiza." Mkazi wanga anali woyembekezera. Ndinasiya.

M'mawa wina, sukulu zili pafupi kutsegulidwa, kunabwera a Kamwendo, mphunzitsi wopuma wa ku Mvera, amene anatsekera penshoni yawo kwa ife. Chiwongoladzanja chake ndicho chinkalipirira mdzukulu wawo wamkazi fizi ku sekondale. Ndinawasindikizira sitetimenti. Anavala magalasi, naiwerenga kawiri akulondola ndi chala.

"A kalaliki, makina anuwa alakwitsa. Masamu ndaphunzitsa moyo wanga wonse ine."

"Sanalakwitse, bambo. Fikisidi yanu inatha miyezi itatu yapitayo. Simunasayinenso."

"Ulendo watha uja munandiimbira."

Ndinayang'ana chidindo chimene chinali m'manja mwanga. Ndikanatha kunena kuti netiweki inavuta, pakuti kumapiri kuja imavutadi.

"Chabwino," anatero. "Ndipatseni fomuyo. Mtsikana uja ayamba wadikira kunyumba mpaka ndigulitse mbuzi."

Anasayina, nandithokoza, natuluka. Akanandikalipira bwenzi zili bwino.

Masana omwewo a Mbewe anatiwerengera uthenga wochokera kulikulu: mpata wakula, nthambi sitsekedwa. Anatigulira zakumwa zoziziritsa kukhosi. Ndinamwa changa ndili chiimire, chifukwa anthu anali akadali pamzere.

Ndakhala m'ntchito imeneyi zaka zambiri. Chiwerengero cha mpata chija sichinama, chimaonetsadi ngati banki ikupeza kapena ikutha, ndipo ine ndadyera momwemo. Koma sichinena kuti mpata wakula bwanji, kaya ndi chifukwa tabwereketsa mwanzeru, kaya ndi chifukwa wina sanauzidwe. Chimenecho amadziwa ndi munthu wa pakauntala yekha.

Kuyambira sabata imeneyo ndinkatuluka panja nthawi ya nkhomaliro, mayina ndi manambala a eni fikisidi ndili nditakopera pakapepala, n'kumaimba ndi mayunitsi anga. A Mbewe ankandiona pawindo. Sanandiletse, koma sanandikwezenso pa udindo.