Wometa Amene Anameta Munda

Ankawatchula kuti a Lumo, poti kwa zaka makumi atatu ankameta anthu m'kachipinda koyang'ana kumsewu. Ukalamba utafika, manja anayamba kunjenjemera, ndipo odzametetsa anatha mmodzimmodzi ngati mano a nkhalamba. Kuyambira pamenepo banja linkadya thukuta la akazi awo, amene anali ndi mizere isanu ndi inayi ya katsitsumzukwa kuseri kwa nyumba. Mphukira zake, zimene zimadyedwa ngati ndiwo, ankagula ndi mkulu wophika wa pahotela ina.

Mayiwo ankaudziwa mundawo ngati mwana wobala okha. Ankathyola mphukira kwa milungu isanu ndi itatu yokha, kenako n'kuzileka kuti zikule, zichite nthambi zanthenganthenga zolekeza m'chifuwa, pakuti masamba amenewo ndiwo amadyetsa mizu ya chaka chamawa. Kudula ankadula zikauma zokha. Koma mayiwo sanawafotokozerepo amuna awo zimenezi. Akafunsidwa ankangoseka nati, "Inu za mitu, ine za mizu."

Tsiku lina mayiwo anagwa pakhomo la khitchini, nafa ziwalo mbali imodzi, lilime n'kumangika. Anagona m'chipatala miyezi iwiri. Kutatsala masiku atatu kuti atuluke, a Lumo anasuzumira kumunda naona nthambi zili nyankhalala, zina zitagwera m'kanjira. Mtima wa wometa unawawa: mkazi wanga adzapeze thengo? Ananola chikwakwa, nameta mizere yonse ikadali yobiriwira, n'kusesapo bwinobwino.

Atafika kunyumba n'kukhazikidwa pawindo, mayiwo anayang'ana kunja nthawi yaitali, misozi ili chuchuchu. A Lumo ankayesa ndi chimwemwe. Amene anawatsegula m'maso ndi mng'ono wa mayiwo, atabwera kudzazonda.

"Alamu, munalowa mbuzi muno?"

"Ayi, ndakonza ndine."

"Mwakonza! Munda mwaumeta mpala? Mbewu iyi imagona ngati munthu, alamu. Inu mwailanda mbale isanadye, ndiye igona ndi njala."

A Lumo anathira manyowa, anathirira madzi, anapemphera. Nyengo yothyola itakwana, mizere itatu inatulutsa timphukira toonda ngati mapesi a tsache. Isanu ndi umodzi yotsalayo inali zii.

Wophika uja anabwera ndi dengu lake. "Bambo, ndipatseni tomweto. Ndikatuluka chimanjamanja pano ndipita kwa ena, ndipo kumeneko sindibwerako."

"Mukathyola ngakhale kamodzi chaka chino," anatero mlamu wawo ali pakhonde, "mizu yotsalayo ifa. Musadzati sindinanene."

M'kabati munali mchere ndi masamba a tiyi basi. Mankhwala a mayi anali atatsala a mlungu umodzi. A Lumo anatenga mpeni, nagwada pamzere woyamba, nadzukanso. Anagwadanso kachiwiri, koma osadula kanthu. Kenako analowa m'nyumba n'kukhala pansi pafupi ndi mpando wa akazi awo.

"Mayi, ndithyole kapena ndileke? Ndalakwa kale kamodzi. Ingophethirani diso, ndimva."

Mayiwo anatambasula dzanja lamoyo lija pang'onopang'ono, nagwira mpeniwo, n'kuulowetsa pansi pa ntchafu yawo.

Wophika anadikira pang'ono, napukusa mutu, natuluka ndi dengu lake lopanda kanthu. A Lumo anamva chitseko cha mpanda chikutsekeka.

Masana omwewo anapita kumizere yachete ija nayamba kufukula ndi zala. Muzu woyamba unali wofumbwa, unangophwanyika m'manja ngati pepala lonyowa. Wachiwiri chimodzimodzi. Anakwawa ndi mawondo mzere ndi mzere, akununkhiza dothi, akuitana mizuyo ngati ingayankhe, mpaka mizere yonse isanu ndi umodzi inatha.

"Kubzala ina, mpaka kudya, ndi zaka zingati?" anafunsa osacheuka.

"Zitatu," anatero mlamu wawo, mawu atafewa tsopano.

A Lumo anapukuta manja pathalauza, napita pawindo.

"Yatsala itatu, mayi. Sindiikhudza."

Sananene kuti adya chiyani mpaka chaka chamawa, ndipo mlamu wawo sanafunse.