Ankhoswe a Pulofesa Mazauric

Amene mumapemphera nafe masana ku Maryhill mukuwakumbukira bambo aja ataliatali, owerama pang'ono, amene ankalawirira kudzayatsa mahita mu holo kuti ife Amalawi tisaume ndi chisanu. Ambiri tinkawayesa olembedwa ntchito yosamalira tchalitchi, mpaka ena tinkawatuma mipando. Amenewo anali Pulofesa Théodore Mazauric, mkulu wa mpingo, amene tinawaika m'manda mwezi wathawu.

Anabadwira kumapiri a kummwera kwa France, m'banja lachikhristu loweta mbuzi. Kuwerenga anaphunzirira pa Baibulo la mayi awo, poti m'nyumbamo munalibe buku lina. Anali mwana wamafunso otopetsa. Chaka china bambo awo analonjeza mnansi kuti adzamuthandiza kukolola, koma mnansiyo anamwalira mbewu zisanache. Bambowo anakakololabe mundawo. Mwana uja anafunsa kuti, “Munthuyo kulibe, nanga lonjezolo mukusungira ndani?” Bambo ake anangoti anyamule dengu. Funsolo anakula nalo, ndipo ndi limene linadzakhala ntchito yawo.

Ku Paris anaphunzira filosofi ya makhalidwe abwino, ndipo komweko anakumana ndi Yvonne, mtsikana wa kuno ku Glasgow wophunzitsa piyano. Atakwatirana anabwera kuno, a Mazauric n'kuyamba kuphunzitsa ku yunivesite. Analemba buku lonena za malonjezo, ndipo mfundo yake yaikulu inali yakuti lonjezo ndi katundu wa mwini wake, silibwerekedwa ndiponso silisiyidwira wina. Ophunzira ankawaopa pa mayeso, koma akagwa m'mavuto ankathamangira kwa iwo omwewo. Mphatso ya ana banjali silinalandire, ndipo palibe anawamvapo akudandaula.

Mayi ake a Yvonne anamwalirira m'chipatala popanda wachibale pambali. Zimenezi zinamupweteka kwambiri Yvonne, ndipo pochokera kumanda anapempha mwamuna wake chinthu chimodzi, chakuti asadzamusiye yekha pakati pa anthu osamudziwa. A Mazauric analonjeza.

Mayeso a lonjezolo anafika ku ukalamba. Mayi Yvonne anayamba matenda oiwala, poyamba makiyi, kenako njira ya kunyumba. Nthawi yomweyo yunivesite ina yaikulu ya ku France inawaitana a Mazauric ku udindo umene ankaulota kuyambira unyamata. Anayankha kuti zikomo, koma ali ndi ntchito ina, ndipo posakhalitsa anasiyiratu kuphunzitsa. Anawasamalira akazi awo kunyumba mpaka pamene mayiwo anagwa pa masitepe, ndiye anawapezera malo kunyumba yosamalirako okalamba pafupi ndi ngalande. Tsiku lililonse, kaya kukhale mvula kaya chipale, ankapita kukawadyetsa ndi kuwaimbira masalimo m'Chifalansa. Mayi Yvonne anafika poiwala ngakhale dzina la amuna awowo. Wina atawafunsa a Mazauric ngati sizikuwawawa, anati, “Zimawawa ndithu. Koma iye akaiwala, ndiye kuti ine ndikumbukire za anthu awiri.”

Kenako madokotala anawapeza iwowo ndi khansa ya kapamba. Imfa sankaiopa. Chimene chinawadya mumtima n'chakuti atsogola, ndipo Yvonne atsala yekha pakati pa alendo, monga momwe anaopera. Buku lawo lomwe linkawatsutsa, chifukwa analemba okha kuti lonjezo silisiyidwira wina.

Lamlungu lina atatha mapemphero anakhala pansi osakhudza mpando uliwonse. A Matthews Gwanda, mkulu wa mpingo mnzawo amene amagwira ntchito ya unamwino, anaona kuti pali nkhani.

“Pulofesa, lero mwatinyanyala? Mipandoyi tisanja tokha?”

“Matthews, ndagwa nayo,” anatero, n'kufotokoza zonse.

A Gwanda anafunsa kuti, “Kodi ankhoswe anu ndani?”

“Kwathu zimenezo kulibe.”

“Ndiye zaka zonsezi banja mwalisenza awiriwiri? Pepanitu, koma kwathu ukwati wopanda ankhoswe timauyesa chibwenzi. Pulofesa wathunthu kukhala pa chibwenzi mpaka imvi mbuu.”

A Mazauric anaseka koyamba chilandirireni uthenga wa dokotala. Komabe uphunzitsi sutha, moti anakana kugonja msanga. Kwa milungu ingapo ankawaimbira foni a Gwanda, ngakhale ali pa shifiti, kuwapanikiza ndi mafunso. Kodi nkhoswe imalonjeza m'malo mwa mwini? A Gwanda anati ayi, imangoima pambali pake kuti akalefuka mawu ake asagwe pansi. Nanga mwini akamwalira? A Gwanda anati nkhoswe siithawa maliro, ndi imene imaona kuti wotsalayo ali bwanji. Pomaliza a Mazauric anati, “Ndinalemba zoona, koma ndinalemba theka. Lonjezo ndi langa ndithu. Chimene sindinaone n'chakuti wina akhoza kuligwira nane limodzi.”

Anapempha a Gwanda kuti akhale nkhoswe ya kuchimuna, ndipo Mayi Tupochile, mtsogoleri wa amayi a Mvano, anavomera kuimira kuchikazi. Mwambowo tinachitira m'chipinda chochezera cha kunyumba ya okalamba ija. Pulofesa anali atamva kuti pa chinkhoswe pamakhala nkhuku, ndiye anabwera ndi ya m'firiji, youma gwaa, ili m'pepala lake la kusitolo. Amayi anaseka mpaka misozi, koma nkhukuyo anailandira ndi manja awiri. Kenako bamboyo anaimirira movutikira, nagwira dzanja la mkazi wake, nauza ankhoswe mawu amene analonjeza kalekale. Mayi Yvonne ankangosisita chitenje cha Mayi Tupochile, osadziwa kuti msonkhanowo ndi wawo. Ambiri tinalira, ndipo sitinabise.

Kuyambira pamenepo amayi a Mvano ndi madoda anayamba kusinthana kukakhala ndi Mayi Yvonne, ena kuchokera ku Govanhill, ena kukwera mabasi awiri kuchokera ku Easterhouse atangoweruka kuntchito. A Mazauric nawonso ankapitabe mpaka miyendo itakana.

Anamwalira m'mawa wina dzuwa likuwala, zimene kuno sizichitika kawirikawiri. A Gwanda anali kuwawerengera salimo pamene Pulofesa anatsegula maso n'kufunsa kuti, “Lero kwa Yvonne kuli ndani?”

“Kuli Mayi Tupochile, bambo.”

“Basi, zili bwino.”

Anatseka maso ngati munthu amene watula katundu pakhomo, ndipo sanadzukenso.

Atisiyira chitsanzo cha munthu wosunga mawu ake, komanso wodzichepetsa mpaka kupempha thandizo pamene mphamvu zatha. Atisiyiranso ntchito, chifukwa Mayi Yvonne akadali moyo.

Sabata yatha Mayi Tupochile atalowa m'chipinda muja, anawapeza akuyang'ana kukhomo.

“Bambo amabwera aja, lero sabwera?”

“Atopa, mayi, akupuma. Atuma ife.”

Mayi Yvonne anawayang'anitsitsa kwa nthawi, kenako anasendera kuti mlendoyo apeze pokhala.