Galimoto Yosalira Poikankha

Aneba athu, bambo wachikulire yemwe kale ankayendetsa matola, amaimika galimoto pamtsetse, itayang'ana kumsika. "Ya magiya sivuta," amatero. "Batire likatha, inu kankhani, ine ndiponde klatchi, yalira basi."

Koma yakaleyo anaigulitsa, mwana wawo atawatumizira ya otomatiki kuchokera ku Joni. M'mawa umene akazi awo anakomoka, batire linali litatha. Tinakankha tonse kuti tithamangire nawo kuchipatala, bambowo akufufuza klatchi ndi phazi lamanzere, mpaka mtsetse unatha. Palibe anatiuza kuti ya otomatiki silira poikankha. Mayiwo anatsirizikira pampando wakumbuyo.

Lero amaimikabe pompo. Akandiona amafunsa, "Mwana wanga, kodi tsiku lija munakankha mokwanira?"

Ndimawanamiza kuti ayi, ada.