Dzina Limene Bambo Wilson Anakana Kufufuta

Bambo Wilson Kamchacha anabadwira kwa Kabudula, m'banja la alimi a fodya. Anakula akusoka fodya m'chigafa uku akuloweza katekisimu, ndipo atamaliza maphunziro anakhala mphunzitsi wa masamu ku Nsaru. Mumpingo mwathu anali munthu wa benchi yakumbuyo. Mawu oyimbira okha Mulungu anawamana, ndipo iwo sankatsutsa.

Sukulu yawo italandira makompyuta akale, iwo ndiwo ankawapukuta fumbi mpaka anawazolowera. Kumeneko anadziwa pulogalamu ina yaulere, yolembedwa ndi anthu akutali, imene imasunga mbiri ya zolemba. Munthu akasintha kanthu, imakumbuka chimene wasintha pamodzi ndi dzina lake. Koma inkayenda pa makompyuta a mtundu umodzi wokha. Bambo Wilson anaikonza kuti iziyendanso pa makompyuta ngati a ku Nsaru ndi pa mafoni otchipa. Eni ake akaisintha, iwonso ankasintha yawo kuti zizigwirizana, ndipo anapitiriza ngakhale atapuma ntchito. Ife tinkawaseka kuti akulima munda wa eni, wosaoneka n'komwe.

Mayi Sabina a Chigwirizano cha amayi mumpingo mwathu, amene amapeka nyimbo zathu zapamaliro, anawakhulupirira. Chiswe chitadya makope awo, nyimbo zonse anazisunga pafoni mu pulogalamuyo.

Chaka china, nthawi yothyola fodya, Bambo Wilson anatulutsa pulogalamu yokonzedwanso asanaiyese pa mafoni akale. Kuyesako sankakuphonya, koma tsiku limenelo mtima unali kumunda. Pa mafoni oterowo inafufuta zonse. Madandaulo anabwera kuchokera kutali, koma chinawalasa mtima ndi kuona Mayi Sabina pakhomo pawo, foni ili m'manja.

"Aphunzitsi, kodi nyimbo zanga zapita kuti?"

"Mayi, ndazitaya ndine. Ndinachita phuma."

Manyazi anawagwira koopsa. Lamulungu ankalowa m'tchalitchi nyimbo yoyamba itayamba kale, n'kutuluka anthu asanayambe kupatsana moni. Mnzawo wina wakunja, amene ankasamala naye pulogalamuyo, anawamvera chisoni. Anawauza kuti n'zotheka kukonza mbiri ya amene anasintha pulogalamuyo kuti dzina lawo lisaonekenso pamalo olakwikawo. Akazi awo, Mayi Dainess, amati bambowo anakhala pakhonde tsiku lonse osalawa kanthu. Pamapeto pake anakana. "Ndikafufuta, wobwera m'mbuyo mwanga adzadziwa bwanji pamene pali dzenje?" Pansi pa cholakwacho anafotokoza zimene anachita, dzina lawo n'kulisiya poyera.

Kenako anayamba kupita kwa Mayi Sabina sabata iliyonse. Mayiwo ankayimba, iwo n'kumalemba, mutu uli pansi. Nyimbo zinabwerera imodziimodzi, kupatula ija mayiwo anaipeka atamwalira mwana wawo Petro. Imeneyo inakaniratu kubwera. Mayi Sabina anawakhululukira kalekale, koma bambowo akakumana nawo panjira ankavulabe chipewa, maso ali pansi.

Atakalamba, maso atayamba kuvuta, anapereka ntchitoyo kwa ena. Anawasiyira lamulo limodzi: musatulutse kanthu musanayese pa foni yakale kwambiri imene muli nayo.

Anamwalira mwamtendere m'mawa wina m'nyengo yozizira, akazi awo atangowawerengera Masalimo. Kumanda amayi anayimba nyimbo zomwe zija iwo anazilembanso. Zonse zitatha, Mayi Sabina anasendera pafupi ndi manda, nati, "Aphunzitsi, yotayika ija musavutike nayo. Petro anaimva, akakuyimbirani."

Ambiri a ife tinawerama ndi manyazi, pakuti aliyense akudziwa zimene anakwirira kuti anthu asaone. Dzina la Bambo Wilson likadali pomwe analisiya, pafupi ndi cholakwa chawo, ndipo aliyense akhoza kuliwerenga.