Disiki ya Mayi Nsona

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi alamu anga, amene ankameta anthu pafupi ndi kashopu kokonza makompyuta ka a Dzinga kumsika wa Zingwangwa. A Dzingawo anandilemba ntchito nditangomaliza kosi ya makompyuta, ndikudzimva kuti ndine katswiri.

A Dzinga ankagula mahadi disiki akale ochokera kunja, ine n'kumawasankhula. Ena ankathamanga koma akulira ngati chigayo, ena anali aulesi koma achete. Kuti udziwe disiki yodalirika umayenera kuiyeza ndi pulogalamu yofufuza malo owonongeka, ntchito ya maola angapo, magetsi akapanda kuzima. Abwana analibe nazo ntchito zimenezo. Iwo ankagunditsa nsonga ya sikuludiraiva pa disiki, chogwirira n'kuika kukhutu. Ikakhala chete, basi yakhoza mayeso.

Tsiku lina kunabwera mayi Nsona a ku Chilomoni, kompyuta atakulunga m'chitenje. Inali ya malemu amuna awo, amene ankaphunzitsa kwaya kutchalitchi. Munali nyimbo zonse zimene anajambula, mawu awo akumveka akutsogolera. Disiki yake inkasokosa, ndiye mayiwo ankaopa kuti ifa. Nditaiyeza inali bwinobwino. Yachete imene abwana anasankha kuti ilowe m'malo mwake ndi imene inaonetsa malo owonongeka ambirimbiri. Ndinawauza abwanawo.

"Iwe, khutu ili linayamba ntchito usanabadwe," anatero. "Samutsa nyimbozo, yakaleyo uifomate."

Ndinasamutsa, n'kufufuta yakaleyo ndi manja angawa. M'mawa mwake inagulidwa.

Patatha milungu itatu mayi aja anatulukiranso, kompyuta ikukana kutseguka. Ndinasintha chingwe, ndinayesa pa makina ena, koma disiki yachete ija inali itaferatu. Abwana anandiloza pamaso pa mayiwo n'kunena kuti disikiyo ndinasankha ndine, ana a masiku ano ndife a mapepala chabe. Ndinangowerama poopa kuchotsedwa ntchito, ndipo mantha amenewo amandinyansa mpaka lero.

Mayiwo sanakalipe. Anandiyang'ana n'kufunsa chapansipansi, "Achimwene, ngakhale imodzi yokha? Ya Pasaka ija?"

Panalibe.

Pano ndili ndi kashopu kanga ku Bangwe. Disiki iliyonse ndimaiyeza mpaka kumapeto, isokose kapena ikhale chete, ndipo yakale ndimaikulunga m'nyuzi n'kumpatsa mwini wake m'manja. Makasitomala amandiyamikira kuti ndine wosamala, koma ine sizindikomera. Sadziwa kuti ndinaphunzirira pa mawu a munthu amene mkazi wake sadzawamvanso.