Mpango Unagwera Dorcas

Inu amene mukuti moyo wakondera anzanu, imvani za Hester Pilling. Sindichedwa nazo.

Hester anali woomba nsalu ku Bolton. Chaka china cha njala anaba nsalu imodzi ya bwana wake, ndipo woweruza anamupatsa zaka zisanu ndi ziwiri zaukaidi kutsidya la nyanja. M'chombo anagona miyezi inayi pathabwa limodzi ndi Dorcas Whitlock, amene anaba wotchi pamsika. Ankaphana nsabwe, ankagawana mkate wouma. Atafika kuno ku New South Wales anawatsekera limodzi m'nyumba ya akaidi aakazi, ndipo pasanathe mwezi Hester anametedwa mpala chifukwa chotukwana woyang'anira.

Masiku amenewo mwamuna wofuna mkazi ankangobwera kunyumbako. Akazi ankaima pamzere, iye n'kumawayendera ngati wogula ng'ombe. Amene wamukonda ankamuponyera mpango kumapazi. Ukatola, basi, wakwatiwa, watuluka mumpanda.

Tsiku lina kunabwera Amos Tredwell, woweta nkhosa. Nayenso anafika m'dziko lino ali m'maunyolo, koma anali atamaliza zaka zake ndipo anali ndi malo akeake. Mpango wake unagwera pakati pa Hester ndi Dorcas. Hester anawerama msanga, chipewa chake n'kugwa pansi.

"Osati iwe, chimutu ngati dzira!" anatero Amos. "Ndikunena watsitsiyo."

Mzere wonse unafa nako kuseka. Dorcas anatola mpangowo.

"Pepa, Hetty," anatero, mano onse ali pamtunda.

Hester anaima pampanda kuonerera ngolo ikupita. Amene ankamupukuta masanzi m'chombo ndani? Amene anamupatsa theka la mkate wake atadwala ndani? Lero wakwera ngolo osacheuka n'komwe. Nsanje inamukhala pachifuwa ngati mwala. Oyang'anira anamuika kuchipinda choombera nsalu, ndipo ankamenya ulusi ngati akumenya Dorcas. Nsalu zake zinkatuluka zolimba kuposa za onse.

Patapita zaka zitatu woyang'anira anamuitana. Anamuuza kuti akatha chaka chimodzi osapalamula, alandira chikalata chomulola kukadzigwirira ntchito yake. Koma chaka chimenecho akachithera kumunda, chifukwa banja lina lapempha wantchito.

Pachipata panali ngolo. M'ngolomo munali Dorcas, atanenepa, mwana ali pamiyendo, chipewa chili ndi maliboni.

"Hetty! Ndakupempha ndine. Kwera kumbuyoko, ukhale pamatumbapo."

"Dorcas, iwe..."

"Eee, pang'onopang'ono. Kwathu uzinditchula kuti dona. Anthu angatiyese ofanana."

Lamulo ankalidziwa onse awiri. Dona akangodandaula kamodzi kwa woweruza, wantchito amabwerera mumpanda, chikalata n'kuiwalika.

Mwina mukudikira kuti ndinene kuti Amos ankamumenya Dorcas, kapena kuti m'nyumbamo munali misozi. Ayi, sindinama. Amos ankamukonda mkazi wake. Ankamubweretsera shuga kuchokera kutawuni ya Windsor, ankamutsitsa m'ngolo ngati dzira. Hester ankaona zonsezo akukwecha miphika yawo, akuchapa matewera a mwana wawo. Akamva awiriwo akuseka pakhonde, ankakwecha mphika ngati auboole.

Atameta nkhosa, Amos anatumiza ubweya wabwino ku Sydney. Wa kumimba ndi kumchira, wodzaza ndowe ndi minga, ankautaya kuseri kwa khola kuti uwole. Alimi onse ankatero. Hester anauyang'ana ndi diso la woomba nsalu.

"Bwana, zinyalala izi mungandipatse?"

"Tenga, ngati ukufuna kununkha."

Lamlungu lililonse masana, anzake akupuma, iye ankatsuka ubweyawo kumtsinje, n'kumazula minga umodziumodzi mpaka zala kutuluka magazi. Anapota ulusi. Anakhoma choombera nsalu ndi matabwa otsala a khola. Bulangete loyamba linali lokhakhala ngati thumba. Lachiwiri linang'ambika pakati. Lachitatu linatuluka loyera, lofewa, lolemera bwino. Mwini sitolo wina wa ku Windsor ataligwira anati, "Ukadzamasuka ubwere nalo. Tidzakambirana."

Kutatsala milungu itatu kuti chaka chithe, Hester akusita kukhitchini, Dorcas analowa bulangete lija lili paphewa.

"Ili ndatenga. Mwana azigonapo, amakodzera zofunda zanga zabwino."

"Limenelo ndi langa, dona."

"Lako? Ubweya ndi wa mwamuna wanga. Manja akowo ndi a boma, boma linabwereka ife. Chako n'chiyani pano?"

Hester anali ndi simbi yamoto m'manja. Anayang'ana masaya onenepawo, tsitsi lopesedwa bwinolo. Dzanja linayamba kukwera lokha.

"Bwanji, ukufuna kundiwotcha?" anatero Dorcas. "Yesa tione, mbala iwe."

Mbala! Kunenedwa mbala ndi munthu amene anagwidwa wotchi ili m'sokosi! Mawu anafika pamilomo penipeni. Koma Hester anaona mpanda uja m'maganizo, anaona zaka zina zitatu, ndipo anaona Dorcas akupita kwa woweruza atavala maliboni ake, akusangalala. Chimenecho ndiye sakanamupatsa. Anatsitsa simbiyo pamalaya.

"Ayi, dona. Ndikusita malaya a bwana."

Bulangete linapita. Hester analira kumtsinje, anasukusula, n'kubwerera kukakwecha miphika.

Tsiku litafika anaima pamaso pa woweruza, Dorcas ali pambali kudzachitira umboni za khalidwe lake.

"Mayi Tredwell, muli ndi dandaulo pa wantchitoyu?"

Dorcas anafufuza m'mutu.

"Amandiyang'ana moipa, bwana."

"Maso si mlandu, mayi. Anakutukwanani?"

"Ayi."

"Anaba? Analedzera? Anathawapo?"

"Ayi."

Woweruza anasaina chikalata chija.

Hester anayenda wapansi mpaka ku Windsor, wopanda bulangete loti aonetse. Mwini sitolo anati sagula mawu. Ndiye anachapa zovala za anthu miyezi isanu, akugona m'kachipinda kodontha, uku akuzungulira m'minda kutola ubweya umene alimi ankataya. Ankamuseka, akumutcha Mayi Ndowe. Nyengo yozizira itafika anabwerera kusitolo kuja ndi mabulangete anayi, ndipo anatha tsiku lomwelo. Oyendetsa ngolo anayamba kumufunsa ndi dzina. Patatha zaka khumi anali ndi zoombera zisanu ndi chimodzi, nyumba yanjerwa, ndi akazi khumi ndi awiri omugwirira ntchito, onse owatenga mumpanda muja. Ine ndinali mmodzi wa iwo, choncho sindikukuuzani zakumva.

Kodi nsanje inatha? Ayi ndithu. Hester sanakwatiwe. Ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri, akaona Dorcas akulowa m'tchalitchi ndi mzere wa adzukulu, ankatsonyabe chapansipansi. Lolemba lake ankalawirira kuntchito kuposa ife tonse.

Ndiye inu amene mnzanu wakwera ngolo inu mutatsala pampanda, musandiuze kuti sizikupweteka. Zimapweteka, ndipo mwina zidzapwetekabe mpaka imvi. Koma musadikire kuti mtima uyere kaye kuti muyambe. Nsanje ikakufikani m'manja, musamenye nayo munthu, ipatseni ntchito. Tsekani pakamwa pamene kuyankha kungakudyereni tsogolo, yang'anani chimene anzanu akutaya, muyambire pamenepo. Mtima usagwe. Dzukani, kwacha kale.